Kapu Yachiwiri

Monika mwana wanga,

Ndikulemba ndili pakhonde masana ano a Lamulungu, iwe uli kwa amalume ako kumene wapita kukatsanzika. Sutikesi yako ili pampando m'nyumbamu, yolongedza kale. Mawa m'mawa ukupita kwa asisitere kukayamba moyo umene wasankha, ndipo papita masabata atatu tikulonjerana ngati anthu okumana kuchigayo: mwadzuka bwanji, ndadzuka bwino, basi. Wolakwa ndine. Sindikufuna kuti ukakwere minibasi pa Chonde tili chonchi. Pakamwa panga ukupadziwa, ndikati ndipepese ndimathera kulalikira, n'chifukwa chake ndatenga pepala.

Za usisitere tinagwirizana kalekale. Amalume ako anavomera, inenso ndinavomera. Koma tsiku lija unabwera pakhonde pano ndikukonza tcheni cha njinga, unafuna kundiuza chimene chinayambitsa. Unati tsiku lina utagwada patsogolo pa Ukaristia unamva mumtima mwako, momveka bwinobwino, kuti ukuitanidwa. Ine osadzutsa ngakhale mutu ndinati, "Nawenso wayamba?" Unaima pang'ono, kenako unalowa m'nyumba. Mawu amenewo ali ndi kumene anachokera, mwana wanga, ndipo ndikufuna udziwe konse, osati kuti ndidzilungamitse, koma kuti kumene ukupitako usakachite zimene bambo ako anachita kawiri, poyamba mbali iyi, kenako mbali inayo.

Unali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene zinachitika za kutchalitchi zija. Ndikudziwa kuti iwe umangokumbukira nyimbo ndi chinamtindi cha anthu. Nthawi imeneyo ndinali katekisi wa tchalitchi chathu cha m'mudzi muno. Bambo mfumu ankabwera kamodzi pamwezi kuchokera kuparishi, kuchita Misa ndi kutisiyira Ukaristia, mkate wodalitsidwa, m'kabokosi kokhoma kotchedwa tabenakulo, ndipo Malamulungu enawo wotsogolera mapemphero ndi kugawa ndinali ine. Chaka chimenecho mvula inagwa osakata, mtsinje unakokolola mlatho, njinga yamoto ya bambo mfumu inasowa podutsa. Lamulungu lina ndikugawa, gogo wina wonjenjemera manja anagwetsa Ukaristia pansi, pamatope amene anthu anabwera nawo kumapazi. Ukagwa pamalo oyera timatola n'kudya. Ukagwa pauve chotero, tinaphunzitsidwa kuuika m'kapu ya madzi, kuutsekera, kudikira kuti usungunuke, kenako madziwo kukawathira pansi pamalo pamene anthu saponda. Ndinachita monga ndinaphunzitsidwira. Patapita masiku asanu ndi limodzi ndinatsekula kuti ndikathire, ndipo ndinapeza mkate uja usanathe kusungunuka, pakati pake pali pofiira, ndi timizere tofiira tikuyandama m'madzimo.

Sindikunamiza, ndinangogwada pomwepo. Ndinalira ngati mwana, ndekhandekha m'tchalitchimo. Nditatha kulira ndinakwera pachulu chija pamene foni imagwira, n'kuimbira bambo mfumu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "A katekisi, tsekani, kiyi muike m'thumba. Musauze munthu ngakhale mmodzi. Mtsinje ukaphwera ndibwera." Ndinayankha kuti chabwino bambo. Potsika pachulu ndinakumana ndi apampando a kwaya, ndipo ndinati mumtima, awa okha ndiwauze, ndi munthu wopemphera. Dzuwa lisanalowe kwaya yonse inali pakhomo pa tchalitchi, ndipo ine, mwini kiyi, ndinatsekula. Monika, amene akukuyang'anira akakati dikira, udikire. Ine ndinkaganiza kuti bambo mfumu aja auma mtima chifukwa cha sukulu yambiri. Anali asanaume mtima, ankangodziwa anthu, ndipo ankandidziwa inenso.

Zotsatira zake unaziona ndi maso ako aubwana. Wina anajambula pafoni, chithunzi chinayenda. Anthu anabwera a ku Thuchila, a ku Likhubula, ena kuwoloka malire wapansi, azimayi akufuula "Milagire! Milagire!" m'chilankhulo cha kwawo, kutanthauza chozizwitsa. Mtsinje umene unaletsa njinga yamoto ya wansembe sunaletse aliyense wa iwowa, ankawoloka atapinda zovala. Ankabwera ndi mabotolo a madzi kudzawaika pafupi ndi kapu ija kuti apite nawo kwa odwala. Ine ndinkaima pambali pa guwa nditavala malaya anga oyera aja, kuuza anthu kuti adutse mmodzimmodzi. Munthu amene kufakitale ya tiyi kapitawo ankangomutcha "iwe apo", tsopano azimayi akuluakulu ankamugwadira popereka moni. Ndikuuze zoona, zinkandikoma. Ndinkati ndikutumikira Ambuye, ndipo mwina pang'ono ndinkatumikiradi, koma malaya aja ndinkawasita tsiku ndi tsiku.

Pakati pa anthuwo panali a Felesiya, mayi wotchola tiyi kuesiteti, amene ankakhala kuseri kwa dimba la amalume ako. Ankadwala chifuwa chachikulu, ndipo anali pa mankhwala aja omwa miyezi yambiri osadumphitsa. Anali atayamba kupezako bwino, masaya akubwerera. Tsiku lachinayi anadutsa pamzere, anagwada, anatulutsa kapepala ka mapiritsi m'chitenje n'kuika pa sitepe ya guwa.

"A katekisi, ine izi ndasiya," anatero. "Mwiniwake wabwera pakhomo, ndiye ndizimweranji za anthu?"

Anthu anaombera m'manja, ena nthungululu. Ine ndinatsekula pakamwa kuti ndiwauze atenge mankhwala awo, koma ndinaona nkhope zonse zija zikuwala, ndipo ndinati, "Chikhulupiriro chanu chikuthandizeni, mayi." Mawu okoma kumva. Palibe tsiku limadutsa osawakumbukira.

Tsopano ndikuuze chimene sunamvepo, chimene amalume ako sadziwa, chimene ndinauza wansembe yekha polapa. Ine ndagwira ntchito kufakitale zaka zambiri, kumene timayanika masamba a tiyi. Ndimadziwa zimene chinyezi chimachita. Ndinaonapo chuku chakuda, choyera, chobiriwira, ndipo pa makaka osauma bwino ndinaonapo chofiirira. Nditagona tsiku limene a Felesiya anasiya mankhwala, mtima sunandipatse mtendere. M'mawa ndinapita kutchalitchi, ndinatsekula chitini chimene tinkasungiramo mkate wosadalitsidwa, ufa ndi madzi chabe, umene unkadikira Misa. Ndinatenga umodzi. Kunyumba ndinatenga kapu ya amayi ako ya maluwa ija, ndinathiramo madzi a pachitsime chomwe ndinatungapo a kapu yoyamba ija, ndinaikamo mkatewo, ndinavundikira ndi sosala n'kubisa pamwamba pa khoma kuchipinda. Ndinkafuna kudzitsimikizira kuti mkate wamba sungachite zotero. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinakwera pampando n'kuvundukula. Unali wofiira, Monika. Wofiira chimodzimodzi, ndi timizere tomwe tija.

Ukanakhala iwe ukanatani? Ine ndinatenga kapu ija, ndinapita nayo kunthochi, ndinakumba ndi chikwanje, ndinakwirira zonse, kapu ndi sosala yomwe. Kenako ndinasamba, ndinavala malaya oyera aja, n'kupita kukaimika anthu pamzere. Ndinadziuza zambiri panjira. Ndinati mwina Mulungu wachita chozizwitsa kawiri. Ndinati mwina uku kwafiira ndi chuku koma uko ndi magazi enieni. Ndinati anthu amene sanapondepo m'tchalitchi zaka khumi akupemphera kolona, ndiye ine ndine yani kuti ndizimitse moto wotero? Zonsezo zinali zofunda chabe. Pansi pake panali mantha oti anthu andiseka, kuti katekisi anagwadira nkhungu ya m'kapu n'kuitanira dziko lonse. Masiku amenewo ndinadutsa pakhomo pa a Felesiya kangapo. Ndinkawamva akutsokomola ndili pamsewu, ndipo ndinkapalasa njinga mofulumira.

Amayi ako anafunsa kamodzi kokha. Tikudya anati, "Abambo a Monika, kapu yanga ya maluwa ija mwaiona?" Ndinati mwina ana aswa. Anandiyang'ana, kenako anati, "Ana safika pamwamba pa khoma." Anapitiriza kudya. Amayi ako ankasesa paliponse, ndipo ndikukhulupirira kuti anaivundukula ine ndisanaivundukule. Anandipatsa mpata woti ndinene ndekha, ndipo ine ndinapempha mchere.

Mtsinje utaphwera bambo mfumu anabwera, matope mpaka m'mawondo. Ndinkayembekeza kuti afika akukalipa. Analowa, anthu anawapatsa njira, anafika pa kapu ija n'kugwada nthawi yaitali. Mtima wanga unadumpha, ndinati basi, nawonso akhulupirira, ndapulumuka. Atadzuka anavundikira kapu ndi nsalu, anainyamula, n'kuuza anthu kuti aipereka kwa Ambuye episkopi, kuti Mpingo sufulumira pa zinthu zotere, umayamba wafufuza. Anthu anang'ung'udza. Mayi wina anakuwa kuti ansembe a masiku ano alibe chikhulupiriro, akufuna kukagulitsa magazi a Yesu kwa azungu. Bambo mfumu anatuluka nayo kapu ija. Panja, akumanga kapu panjinga yawo, ndinawafunsa.

"Bambo, mwagwada. Ndiye kuti mwaona kuti ndi zoona?"

"Ndagwadira amene anali mu mkatewu usanafiire," anatero. "Za kufiiraku sindikudziwa, inunso simukudziwa. Koma a katekisi, mwezi uliwonse ndimabwera kuno ndi Ambuye yemweyo, ndipo mabenchi akumbuyo amakhala opanda anthu. Mwawaphunzitsa chiyani anthuwa, kuti Ambuye amakhalapo pokhapokha asinthe mtundu?"

Kenako anaona mapiritsi aja, amene anali akadali pawindo pamene wina anawasunthira, n'kufunsa kuti ndi a yani. Sanapitenso kuparishi nthawi yomweyo. Anapita kwa a Felesiya, anawakweza panjinga yamoto n'kupita nawo kuchipatala.

Kuchipatala anawalandira n'kuwayambitsanso mankhwala, koma panali patapita masabata ambiri osamwa, ndipo matenda anali atabwerera ndi ukali. Anagonekedwa, anatuluka, anagonekedwanso. Anamwalira nandolo asanakhwime. Wotsogolera mapemphero pamaliro awo ndinali ine. Ndinaima pamanda ndi buku langa, ana awo atatu atakhala pansi patsogolo panga, ndipo ndinalalikira za kuuka kwa akufa. Sindinganene kuti ndinawapha ndine, pakuti mwina akanapitabe, Mulungu ndiye adziwa. Koma ndinali ndi chinthu m'manja choti chikanawabwezera ku mankhwala awo masabata atatu bambo mfumu asanafike, ndipo ndinakachikwirira kunthochi. Mwana wanga, ukakadziwa chinthu chimene chingapulumutse munthu, ukanene tsiku lomwelo, ngakhale chikuchotsere ulemu wonse. Manyazi a tsiku limodzi ndikanawapirira. Awa ndawasenza zaka khumi ndi ziwiri.

Yankho la kwa Ambuye episkopi linabwera patapita miyezi. Anthu odziwa anayeza, anapeza kuti tinali tizilombo tina timene timamera pa ufa wonyowa, ndipo timafiira. Bambo mfumu analengeza okha pa Misa, mofatsa, osanyoza aliyense. Anafotokoza kuti Mpingo sukana kuti Mulungu amachita zozizwitsa, ndipo kuti kuli malo ena kumene akuluakulu anafufuza zaka zambiri n'kulola anthu kupitako kukapemphera. Koma anati ngakhale zovomerezedwazo, palibe Mkatolika amene amakakamizidwa kuzikhulupirira, pakuti zonse zofunika pa chipulumutso chathu tinapatsidwa kale. Ena anamva. Ena mpaka lero amati ansembe anabisa. Ine ndinali nditalapa kale za kapu yachiwiri, ndipo bambo mfumu anandilangiza kuti ndiuze mpingo ndekha, kuti anthu asiye kukayikira. Ndinaimirira, ndinapepesa chifukwa chosamvera ndi kutsekula tchalitchi, ndinatula pansi ukatekisi, n'kukhala pansi. Za kunthochi sindinatchule. Anthu anandiyamikira kuti ndine wodzichepetsa.

Kulakwa kwachiwiri kunayambira pamenepo, ndipo ndi kumene iwe wakulira nako. Ndinalumbira kuti palibe adzandipusitsenso, ngati kuti anandipusitsa ndi munthu wina. Kulimana kwathu, kumene timakumana mabanja ochepa kupemphera pakati pa sabata, wina akati analota Amayi Maria, ine ndinkafunsa kuti anadya chiyani madzulo ake. Wina akati anachira atapemphera novena, mapemphero aja a masiku asanu ndi anayi, ine ndinkafunsa dzina la mapiritsi. Anthu ankaseka, ndipo kusekako kunkandikoma monga kunkandikomera kugwadiridwa kuja. Unamva wekha dzina limene anandipatsa, a Chuku, ndipo ndikudziwa kuti kusukulu anzako ankakuseka nalo. Nthawi zina ndinkalondola. Kunabwera mayi wina woti Amayi Maria amamuuza mayina a afiti a m'mudzi muno, ndipo ndinamuimitsa asanaotchetse nyumba ya munthu. Pa chimenecho sindidandaula. Koma ndinafika poti sindinkasiyanitsanso wonyenga ndi munthu wongofuna kunena chimene chamukhudza mtima. Ndinkati ndikuteteza Mpingo, pamene ndinkangomenya mwa ena chinthu chimene ndinkadana nacho mwa ine.

Tsopano za amayi ako. Dzanja likulemera, koma ndilemba. Ukukumbukira mmene analili chaka chatha, atabwerako kuchipatala komaliza, atagona pamphasa pabalaza chifukwa ankati kuchipinda kulibe mphepo. Lachinayi lina m'mawa katekisi watsopanoyu anawabweretsera Ukaristia. Iwe unapita kukamuperekeza, ine ndinatsala ndikuwapatsa phala. Anakana supuni, anandigwira dzanja. Nkhope yawo inali ina, yosalala, ngati ya masiku amene ndinkawafunsira.

"Abambo a Monika, khalani pansi ndikuuzeni," anatero. "Nditalandira muja, kunabwera munthu. Anakhala apa, pamene mwagwadapa. Wandiuza mawu."

Ukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Ndi mapiritsi aja, adokotala ananena kuti amazunguza mutu. Imwani phala."

Anandisiya dzanja. Anati, "Chabwino." Anamwa phala lonse, mpaka supuni yomaliza, kenako anatembenukira kukhoma. Anakhala masabata atatu ena. Tinalankhula za mbuzi, za denga, za sukulu yako, za amene adzatenge dimba. Za mlendo uja sanatchulenso, ndipo ine, wouma mutu, ndinkati ndichita kufunsa mawa akapezako bwino. Ndinakuonani tsiku lina masana, ndikuchokera kumunda, iwe utaweramira pakamwa pawo, iwo akunong'ona, iwe ukulira ndi kumwetulira nthawi imodzi. Nditalowa munasiya. Ndinadziwa kuti akupatsa iwe chimene ine ndinakana.

Taganiza, Monika, mmene ndinapusira. Amayi ako sanapemphe kuti tiitane anthu. Sanasiye mankhwala, anamwa mpaka tsiku lomaliza. Sananene kuti tikauze wansembe kapena timange kachisi pabalaza. Sanandipemphe ngakhale kuti ndikhulupirire. Anangofuna kuuza mwamuna wawo chinthu chimene chinawachitikira, mkazi amene anandisungira chinsinsi changa chonyansa zaka zonsezo osandinyoza nacho ngakhale tsiku limodzi tikakangana. Mwina analidi mapiritsi. Mpaka lero sindidziwa, ndipo sindidzadziwa. Koma akanakhala mapiritsi, ndikanataya chiyani pokhala pansi n'kumvetsera? Kwa a Felesiya ndinakhala chete pamene ndinayenera kulankhula. Kwa amayi ako ndinalankhula pamene ndinayenera kutseka pakamwa. Ndipo masabata atatu apitawa, pakhonde pano, ndinabwerezanso kwa iwe.

Kumene ukupitako ukakumana nazo zambiri zotere, kuposa kuno. Anthu akakaona nsalu kumutu kwako adzakubweretsera maloto awo, zithunzi za pafoni za mikate yotuluka magazi kumayiko akutali, ziboliboli zolira misozi, mauthenga oti tumizani kwa anthu khumi dziko lisanathe. Usakathamangire kuombera m'manja, ndipo usakathamangire kuseka. Ukayambe wamukhazika pansi munthuyo, amalize kulankhula. Kumvetsera si kuvomereza, ine ndinazindikira mochedwa. Akamaliza ukaone kumene nkhaniyo ikumutengera. Ngati ikumuchotsa kuchipatala, ikumudanitsa ndi abale ake, ikumuuza kuti iye yekha ndiye wosankhidwa ndipo ansembe onse ndi akhungu, ukamugwire dzanja mwamphamvu n'kumubweza, ngakhale tchalitchi chonse chikukuwize. Ngati ikumupatsa mtendere, akupemphera, akumwa mankhwala ake, akusenda chinangwa chake monga kale, ukamusiye nayo. Si ntchito yako kugamula chilichonse. Pali akuluakulu oikidwira zimenezo, ndipo kuchedwa kwawo kumene kunkandinyansa kuja ndi chifundo.

Ukadziyang'anirenso wekha, pakuti ndiwe mwana wanga, magazi anga ali mwa iwe. Ife timakonda kuti anthu atiyang'ane. Chimene unamva utagwada chija ukachinene kwa amene adzakhale akukutsogolera, mosabisa ndi mosakometsera, ndipo akakakuuza kuti tidikire tione, usakakhumudwe. Chikakhala cha Mulungu sichidzaola chifukwa chodikira. Usakachisandutse malaya oyera oti uzisita tsiku ndi tsiku. Ndipo kukabwera masiku, pakuti adzabwera, oti wagwada pamalo omwewo koma osamva kanthu, mkate uli woyera chabe, mawondo akupweteka, m'mimba mukulira, usakaganize kuti Ambuye achoka. Ine ndakhala pa benchi yakumbuyo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene sindinachikayikepo, ngakhale masiku amene ndinkaseka maloto a anthu, ndi mkate woyera wosasintha mtunduwo. Sindingakufotokozere chifukwa chake. Ndikapita kukalandira ndimadziwa kuti sindili ndekha, basi.

Ukadwala, upite kuchipatala. Ndikubwereza, Monika, ukadwala upite kuchipatala, ndipo ukamwe mankhwala onse mpaka atathe, kolona ili m'dzanja linalo. Uli ndi chifuwa chosachedwa kugwidwa ndi mphepo yozizira ya chiperoni, ndipo ndamva kuti kumeneko kumazizira kuposa kuno. Juzi ya amayi ako yabuluu ija ndaiika pamwamba pa sutikesi, usaisiye poti ndi yakale. Ndipo zikakakukanika, ukaona kuti si njira yako, ubwerere. Usakakhale kumeneko chifukwa choopa kuti anthu a kuno adzati chiyani. Bambo ako anaopapo zimenezo, waona kumene zinawafikitsa. Pakhomo pano ndi pa amayi ako, ndiye kuti ndi pako kuposa ine mkamwini, ndipo palibe adzakufunse mafunso.

Lero titatuluka m'mapemphero ndinatsalira, ndinalankhula ndi katekisi. Ndamupempha mphindi zochepa Lamulungu likudzali kuti ndiime patsogolo. Ndikanena za kapu yachiwiri. Mwana wamkulu wa a Felesiya amakhala pa benchi yachitatu ndi ana ake, ndipo ndiyamba ndapita kwawo Lachitatu, kuti asadzamvere pagulu. Sindikudziwa kuti akandilandira bwanji. Akandithamangitsa ndi mpini wa khasu, ndiye kuti andichitira zoyenera. Ndikanakonda ukanakhalapo, koma mwina ndi bwino kuti udzakhala utapita, unasenza kale dzina la a Chuku mokwanira.

Za kuitanidwa kwako, sindikufunsa umboni. Sindinganame kuti ndikudziwa kuti anali Mulungu, pakuti ndasiya kunena zinthu zimene sindikudziwa. Koma ndakuyang'ana chaka chonsechi. Ndinaona mmene unasamalira amayi ako, kuwasambitsa, kuwatembenuza, osakwinya nkhope. Ndaona kuti chimene unamvacho sichinakutukumule, chakufatsitsa. Kwa ine zimenezo zakwana. Pita ndi madalitso anga onse, mwana wanga, ndipo undikhululukire mawu aja.

Mawa sutikesi ndimanga panjinga, tiyenda wapansi mpaka pa Chonde. Ndi ulendo wa maola awiri, ndipo ndauza amalume ako kuti asatiperekeze. Ndili ndi pempho limodzi, ndipo ndikudziwa kuti ndilibe ufulu wolipempha. Ngati amayi ako sanakuletse, ndipo ngati mtima wako ulola, undiuze panjira mawu amene mlendo uja anawauza. Sindifunsa kuti anali yani, ankaoneka bwanji, kapena kuti anali atamwa mapiritsi angati. Sinditsekula pakamwa mpaka umalize, ndipo ukamaliza sinditsekulabe. Koma ngati anakuuza kuti bambo ako usadzawauze, usaphwanye mawu awo chifukwa chondimvera chisoni. Ungondigwira pamkono tikamawoloka mlatho, ndidziwa, ndipo ndikankha njinga mpaka tikafike.

Ndine bambo ako,
amene akuphunzira kumvetsera atakalamba.